Ku Tunisia sataya kanthu: zimene mlendo angaone m'mizikiti ndi m'miphika yawo



Chaka ndi chaka pamakhala ana achisilamu a m'Malawi muno amene amapeza mwayi wokaphunzira kunja, ena ku Al-Azhar ku Cairo, ena ku Madina, ena ku Turkey. Akuluakulu amapita ku Hajj ndi Umrah, ndipo achinyamata ambiri a kuno ku Ntcheu ali ku Johannesburg kosaka ganyu. Akabwerako timawazungulira kuti atiuze zomwe akaona, ndipo kawirikawiri amangotulutsa foni n'kutionetsa zithunzi: apa ndaima pa nyumba yayitali, apa ndili m'mbali mwa nyanja. Zithunzi n'zabwino, koma tikiti ya ndege ndi yodula kwambiri moti munthu sayenera kubwerako ndi zithunzi zokha.

Lero tikufuna kuonetsa mmene munthu angaonere dziko lachilendo n'kubwerako ndi nzeru yogwira ntchito kwawo. Tatenga Tunisia ngati chitsanzo. Njira yake ndi yophweka: paliponse pamene wafika, kaya ndi pa nyumba yakale kapena pa malo odyera, uzifunsa kuti anthu awa anali ndi vuto lanji, nanga analithetsa bwanji. Ukafunsa chonchi ku Tunisia, miyala ndi miphika zimakuyankha chimodzimodzi. Anthu a kumeneko anaphunzira kusunga ndi kugwiritsanso ntchito chinthu chimene ena akadachitaya.

Dziko lake lili pati

Ambirife dzina la Tunisia tinalimvera ku mpira. Mu November 2023 timu yawo inagonjetsa Flames 1-0 pa Bingu National Stadium ku Lilongwe. Dzikoli lili kumpoto kwenikweni kwa Africa, pakati pa Algeria ndi Libya, m'mphepete mwa nyanja ya Mediterranean. Ndi lokulirapo kuposa Malawi, koma anthu ake ndi pafupifupi 12 miliyoni basi, chifukwa chigawo chakummwera ndi chipululu cha Sahara. Linalandira ufulu kuchokera kwa France mu 1956, ndipo mu 2018 linavomerezedwa kulowa m'bungwe la zamalonda la COMESA, momwe Malawi ilinso membala. Anthu ake amalankhula Chiarabu, ambiri ndi Chifalansa chomwe.

Aroma atalanda derali analitcha Africa, ndipo Aarabu anadzalitchula kuti Ifriqiya. Dzina limene lero likuimira kontinenti yathu yonse linayamba ngati dzina la kachigawo kameneka.

Carthage ndi El Jem

Mlendo amatera ku Tunis, likulu la dzikoli, ndipo pafupi pomwepo pali mabwinja a Carthage, mzinda wa amalonda apanyanja umene Aroma anauwononga m'chaka cha 146 BC n'kudzaumanganso. Alendo ambiri amajambula nsanamira zogumuka n'kumapita. Wofunsa mafunso amadabwa kuti mzinda waukulu chonchi unkamwa kuti, poti mvula ya kumeneko ndi yochepa ndipo miyezi yotentha imatha popanda dontho. Yankho lake ndi ngalande yamiyala yotalika pafupifupi makilomita 132, yochokera ku akasupe a phiri la Zaghouan. Penapake inkadutsa pansi pa nthaka, penapake pamwamba pa zipilala zazitali zimene zina zikadaimabe. Madzi ankayenda okha popanda injini, chifukwa amisiri anayeza kutsetsereka kwa ngalandeyo bwinobwino kuchokera kuphiri mpaka kumzinda.

Kummwera kuli tawuni ya El Jem, komwe kuli bwalo lamasewero la Aroma lomangidwa cha m'ma 238 AD. Munkalowa anthu pafupifupi 35,000, kutsala pang'ono kufanana ndi bwalo lathu la Bingu. Amene analimanga ankadalira chuma cha mafuta a azitona, ndipo mpaka lero njira yopita kumeneko imadutsa m'minda ya mitengo yomweyi, imene imapirira chilala n'kubereka kwa zaka mazanamazana.

Kairouan, mzinda womwa mvula

Malo amene mlendo ayenera kukhalitsapo ndi Kairouan. Uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 160 kummwera kwa Tunis, ngati kuchoka pa Ntcheu boma kukafika ku Lilongwe. Unakhazikitsidwa ndi Uqba ibn Nafi m'chaka cha 670, pa chidikha chouma, kutali ndi nyanja. Mvula ya kumeneko imangofika cha m'ma mamilimita 300 pa chaka, pamene ife kuno timalandira yoposa kawiri pamenepo.

Mzikiti waukulu wa mumzindawu unamangidwanso m'chaka cha 836, nthawi ya mafumu a banja la Aghlabid, ndipo maonekedwe ake a lero ndi a nthawi imeneyo. Nsanja yake yoitanira swala ndi yotalika mamita oposa 31, ndipo ili m'gulu la nsanja zakale kwambiri za mizikiti zimene zikadalipo pa dziko lapansi. Aliyense amaijambula. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo wodekha amayang'ananso pansi pamene waponda.

Bwalo la mzikitiwu, lomwe ndi lalikulu ndithu, analiyala miyala motsetserekera pakati. Mvula ikagwa pa madenga ndi pabwalopo, madzi onse amathamangira ku kadzenje kosemedwa mwaluso, kokhala ndi timasitepe ndi timakona. Tinthu timeneti timachedwetsa madzi kuti fumbi ndi mchenga zitsalire, ndipo madzi oyera amagwera m'zitsime zomangidwa pansi pa bwalolo. Pakamwa pa zitsime zotungira pali mikwasa yozama imene zingwe zinadya m'mwala pa zaka zambiri za kutunga. Choncho mzikitiwu unali malo opempherera, sukulu, komanso nkhokwe ya madzi.

Kunja kwa linga la mzinda kuli maiwe awiri ozungulira amene anamangidwa cha m'ma 860. Laling'ono ndi la mamita pafupifupi 37 m'mimba mwake, lalikulu pafupifupi 128. Madzi ankayamba alowa m'laling'onolo n'kudikha, matope n'kukhala pansi, kenako oyera okha n'kusefukira m'lalikulu. Kuchotsa matope m'dziwe laling'ono ndi ntchito yotheka, pamene lalikulu likadzaza dothi ndiye kuti mzinda wagwa m'mavuto. Ife a ku Ntcheu nkhaniyi si yachilendo. Mu 2018 damu la Mpira linaphwa, mipopi ya m'madera ambiri a kuno ndi ku Balaka inauma, ndipo pakati pa zifukwa zake panali kuchepa kwa mvula, kutha kwa mitengo kumtunda ndi dothi lokokolokera m'damumo.

Masamu ake ndi osavuta. Mvula ya milimita imodzi ikagwa pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi, imapereka lita imodzi ya madzi. Denga la buloko ya makalasi la mamita 30 ndi mamita 8, pa mvula imodzi ya mamilimita 20, limakhetsa malita 4,800. Pa masukulu ndi mizikiti yambiri ya kwathu kuno madzi amenewa amangokumba zigwembe kuseri kwa nyumba, kenako mu October ana n'kumafola pa mjigo ndi zigubu.

Mukalowa m'chipinda chopempherera cha mzikiti wa Kairouan mumapeza nsanamira mazanamazana, ndipo mukaziyang'anitsitsa mumaona kuti sizofanana. Zina ndi zoyera, zina zofiirira, mitu yake yosemedwa mosiyanasiyana. Amisiri anazitola m'mabwinja a Aroma ndi a Byzantine. Yofupika ankaiwonjezera mwala pansi kapena pamwamba mpaka ilingane ndi zinzake. M'munsi mwa nsanja muli miyala yolembedwa Chilatini, wina anauika chadodolido, umboni woti womangayo ankafuna mwala wolimba basi. Ku Tunis nakonso, mzikiti wa Zaytuna waima pa nsanamira zochokera ku Carthage. Dzina loti Zaytuna likutanthauza mtengo wa azitona, ndipo mawu athu oti azitona anachokera ku Chiarabu chomwechi kudzera m'Chipwitikizi.

Mizinda iwiriyi inatulutsa anthu ophunzira. Ku Kairouan kunali Imam Sahnun, amene anamwalira mu 854, mmodzi wa mizati ya madhihabu a Imam Malik. N'chifukwa chake mlendo wochokera kuno, komwe ambiri timatsata Imam Shafi'i, angaone kusiyana pang'ono pa kaswalidwe, ndipo asathamangire kudzudzula eni mudzi. Ku Tunis kunabadwira Ibn Khaldun mu 1332, katswiri wofufuza chifukwa chimene maufumu amakwerera ndi kugwa. Atsikana athu adziwenso kuti, malinga ndi mbiri yakale, Fatima al-Fihri, amene anamanga mzikiti ndi sukulu ya al-Qarawiyyin ku Fez m'dziko la Morocco mu 859, anali wa banja lochokera ku Kairouan.

Mbale ya anthu wamba

Nzeru ya pabwalo la mzikiti ija imapezekanso kukhitchini. Mlendo akamangodya m'hotela sangaione. Ayenera kutsatira amakaniko, oyendetsa matakisi ndi ana asukulu m'mawa wa miyezi yozizira, imene kumeneko ndi December mpaka February, aone kumene akukadya. Adzawapeza pa tinyumba togulitsa lablabi.

Lablabi ndi tchana wophika ndi msuzi wake, wothiridwa pa buledi wogona. Wogula amapatsidwa mbale yadothi yopanda kanthu ndi chibenthu cha buledi wadzulo. Amanyemanyema yekha, pang'ono kapena wambiri malinga ndi njala yake, n'kubweza mbaleyo. Wogulitsa amathiramo tchana wotentha ndi msuzi, chitowe chopera, adyo, mafuta a azitona, dzira ndi tsabola wosinja. Amene ali ndi kangachepe amawonjezera nsomba ya tuna kapena zipatso za azitona. Kenako amasakaniza zonse ndi masipuni mpaka zikhale ngati phala lolimba. Buledi watsopano sayenera pa chakudyachi chifukwa amasanduka nyanyu. Wouma ndiye amamwa msuzi n'kukhalabe ndi thupi. Chinthu chimene chikanatayidwa ndicho maziko a mbale imene Mtunisia akakhala kunja amailakalaka ngati mmene ife timalakalakira nsima ya nyemba ndi chigwada.

Tsabola wosinja uja amatchedwa harissa, kuchokera ku mawu a Chiarabu otanthauza kusinja. Tsabola anafika kumeneko kuchokera ku America m'zaka za m'ma 1500, monganso chimanga chathu chinachokera ku America komweko. Alimi a dera la Nabeul amamumanga m'mikanda yayitali n'kumupachika pa makoma kuti aume. Mu 2022 bungwe la UNESCO linaika harissa pa mndandanda wa chikhalidwe cha anthu choyenera kutetezedwa. Mu 2020 linali litaikapo kale couscous, timibulu ta ufa wa tirigu tophikidwa ndi nthunzi, chakudya cha Tunisia, Algeria, Morocco ndi Mauritania.

Pali mwambo wina wotchedwa oula. M'miyezi yotentha amayi a m'banja ndi oyandikana nawo amasonkhana kupanga couscous wa chaka chonse, kumuyanika padzuwa, kupera zokometsera ndi kuumitsa tsabola ndi matimati. Agogo athu angaumve msanga mwambowu, pakuti ndi zomwe ankachita pofutsa masamba a nyemba, khwanya ndi bowa n'kusunga m'zikwatu. Ngakhale nsima ili ndi mbale wake kumeneko: assida, ufa wa tirigu wovundulidwa m'madzi owira mpaka kulimba, umene amadyera uchi ndi batala kapena mafuta.

Tiyeni tiphike kuno kwathu

Lablabi ndi woyenera nyengo yathu ya June ndi July, makamaka kumtunda kwa Tsangano ndi Lizulu kumene chisanu chimalowa m'mafupa. Ndi wabwinonso pa futari kapena daku, chifukwa amakhalitsa m'mimba. Tchana amalimidwa m'maboma ena a kummwera ndipo amapezeka m'misika ikuluikulu ndi m'masitolo ogulitsa zokometsera. Akasowa, khobwe kapena nyemba zoyera zimagwira ntchito, ngakhale kakomedwe kamasinthako.

Pa anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi mufunika makapu awiri a tchana wouma, timagawo ta adyo tisanu, sipuni yaikulu imodzi ya chitowe chimene ogulitsa amachitcha jira, mchere, mafuta ophikira, mandimu awiri, dzira limodzi pa munthu aliyense, ndi buledi kapena mabanzi ogona tsiku limodzi kapena awiri. Buledi wouma ndi wosiyana ndi wankhungu. Wochita nkhungu, ngakhale kadontho, musamugwiritse ntchito.

Sankhani tchana, mutsukeni, n'kumuviika m'madzi ambiri usiku wonse. M'mawa tayani madziwo, ikani tchana mumphika ndi madzi atsopano okwera zala zinayi pamwamba pake. Kansonga ka sipuni ka soda kamathandiza kuti afewe msanga, monga amachitira chidulo pa ndiwo zamasamba. Akawira chotsani thovu, chepetsani moto, ndipo aphike ola limodzi ndi theka kapena maola awiri, mpaka njere izitswanyika pakati pa zala. Madzi akachepa onjezerani otentha, chifukwa msuziwo ndiwo mwini nkhani. Sinjani adyo pamodzi ndi mchere, kazingani chitowe pa chiwaya chouma mpaka chinunkhire n'kuchisinja, ndipo thirani adyo yense ndi theka la chitowe mumphika kwa mphindi 15 zomaliza. Eni ake amakonda dzira losapsetsa, koma kwa ana ndi amayi oyembekezera liphikeni lipse.

Aliyense anyeme buledi m'mbale yake. Thirani msuzi wowira kaye kuti buledi amwe, kenako tchana, dzira, chitowe chotsala chija, sipuni ya mafuta, madzi a mandimu ndi harissa monga mwa mphamvu ya lilime lanu. Mafuta a azitona ndi odula kuno, choncho a mpendadzuwa kapena a mtedza akwanira.

Harissa mupange chonchi. Tengani tsabola wofiira wouma wodzaza manja awiri. Tsabola wa ku Tunisia ndi wamkulu ndiponso sawawa ngati kambuzi wathu, choncho gwiritsani ntchito paprika kapena tsabola wamkulu wosawawa kwambiri, n'kuikapo kambuzi muwiri kapena mutatu. Chotsani mapesi ndi njere, viikani m'madzi otentha kwa theka la ola, finyani, n'kusinja mumtondo waung'ono pamodzi ndi timagawo ta adyo tinayi, sipuni yaing'ono ya mchere ndi sipuni yaing'ono ya njere za dania zokazinga. Eni ake amaikamonso njere za karawiya, koma zikasowa chitowe chilowe m'malo. Zikasalala ikani m'botolo louma, loyera, n'kuthira mafuta pamwamba kuti mpweya usafike. Adyo wokhala m'mafuta pamalo otentha angathe kubala tizilombo toopsa, choncho botololo likhale m'firiji. Kumene kulibe firiji, sungani tsabola wouma ndipo muzisinja wokwanira tsiku limenelo. Mukatha sambani m'manja ndi sopo musanagwire m'maso.

Chakudya china chimene chikutiyenera kwambiri ndi ojja. Nthawi imene matimati achuluka pa Lizulu ndi pa Kampepuza, ofewa amagulitsidwa motchipa kapena kutayidwa kumene. Amenewo ndiwo abwino pa ojja, bola asakhale owola. Kazingani adyo ndi tsabola wobiriwira m'mafuta, thirani matimati asanu ndi limodzi oduladula, sipuni ya harissa ndi mchere. Aphike mpaka madzi achepe ndipo mafuta aonekere pamwamba. Kenako boolani timaenje mumsuzimo, swerani mazira anayi, vundikirani mpaka apse. Eni ake amadyera buledi, koma ndi nsima kapena mbatatesi ya ku Tsangano zimayenderananso bwino.

Kwa amene adzapite

Palibe ndege yochoka ku Malawi kulunjika ku Tunis, choncho pamafunika kusintha ndege m'njira. Nkhani ya chitupa choyendera ndi visa ikhale yokonzeka musananyamuke. Izi tikuzinena motsindika chifukwa magombe a Tunisia, makamaka a mzinda wa Sfax, ndi amodzi mwa malo amene anthu amakwerera mabwato ofooka pofuna kuwolokera ku Italy mozemba, ndipo ambiri afera m'nyanjamo. Kuyambira mu 2023 anthu akuda ochokera kummwera kwa Sahara akhala akukumana ndi nkhanza ndi kuthamangitsidwa m'madera ena a dzikoli. Wopita ndi mapepala oyenera aziyenda nawo nthawi zonse, ndipo munthu wokulonjezani ntchito ku Ulaya kudzera njira imeneyo mumukane.

Ndalama yawo ndi dinar, ndipo lamulo silola kutuluka nayo m'dzikomo, choncho sinthani pang'onopang'ono ndi kusunga malisiti. Poyenda pakati pa mizinda pali timaminibasi totchedwa louage, timene timanyamuka tikadzaza monga a kwathu, kungoti aliyense amakhala pa mpando wake. Chiarabu chimene mukuphunzira m'kalasi chidzakuthandizani kuwerenga zikwangwani ndi kufunsa njira, ngakhale cholankhula cha mumsewu ndi chosiyanako. Pemphani chilolezo musanajambule munthu. Mukafika ku Kairouan mulawe makroudh, timakeke ta tirigu toikamo tende n'kuviika mu uchi.

Chofunika koposa ndi kabuku ndi cholembera. Lembani mmene madzi amafikira m'nyumba, mmene amasungira zokolola, chakudya chimene osauka amadya ndi mtengo wake, ndi zomwe amachita ndi zotsala. Izi zimagwira ntchito ngakhale ulendo wake ndi wa ku Tete, ku Chipata kapena ku Mangochi. Akuluakulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo amene wabwerako ku ulendo ndi mlendo wa masiku ochepa pakati pa abale ake, amene akudikira kuona chimene wabweretsa.

Tikupempha ophunzira a Fomu 3 ndi 4 kuti pa tchuthi chikubwerachi ayeze denga la nyumba ya kwawo kapena la mzikiti wa m'mudzi mwawo, awerengere malita amene limakhetsa pa mvula ya mamilimita 20, ndipo adzabwere ndi yankho potsegulira teremu. Amene adzayese kuphika lablabi kapena ojja adzatiuzenso mmene a kunyumba anazilandirira.